M'mera Mpoyamba: Phunziro la Maseŵera a Achinyamata a CARIFTA

(Mau amene analankhulidwa pamsonkhano wa atsogoleri a m'madera ndi ogwira ntchito za Boma oyang'anira sukulu, achinyamata ndi maseŵera.)



 Nkhani imene ndapatsidwa ndi ya maseŵera a achinyamata, makamaka a kuthamanga, kulumpha ndi kuponya. Ndikudziŵa kuti alipo ena pakati pathu amene akamva mau akuti maseŵera amaganiza za ana ochita phokoso pabwalo pamene akulu ali pantchito. Chifukwa cha ichi ndasankha kuti ndisakuuzeni zongoganizira, koma ndikutengereni kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, ku zilumba za Caribbean, kumene kuli mpikisano wa ana a sukulu umene unayamba m'chaka cha 1972, ndipo wachititsa kuti maiko ang'onoang'ono atchuke pa dziko lonse lapansi. Mpikisanowo umatchedwa CARIFTA Games.

CHIYAMBI CHAKE

Anthu ambiri a pa zilumba zimenezi ndi zidzukulu za Aafirika amene anatengedwa ukapolo kukalima nzimbe. Maiko awo ndi ochepa anthu kwambiri. Jamaica, amene ali wamkulu mwa zilumba zolankhula Chingerezi, alibe anthu okwana 3 miliyoni. Bahamas ali ndi anthu pafupifupi 400,000. Grenada sapitirira 130,000, chiŵerengero chimene maboma ambiri a kuno kwathu amachiposa, boma lililonse palokha.

M'chaka cha 1958 zilumba zambiri zimene zinali pansi pa ulamuliro wa Britain zinaphatikizidwa m'chitaganya chimodzi. Chitaganyacho sichinakhalitse. Anthu a ku Jamaica anavota kuti atulukemo mu 1961, ndipo pofika 1962 chinali chitatha. Atsogoleri ataona kuti umodzi wa ndale wakanika, anayesa umodzi wa zamalonda, nakhazikitsa bungwe la Caribbean Free Trade Association, mwachidule CARIFTA, limene linayamba ntchito mu 1968. Bungwe limenelinso linaloŵedwa m'malo ndi lina lalikulu, la CARICOM, mwa pangano limene linasainidwa ku Chaguaramas, m'dziko la Trinidad and Tobago, mu 1973.

Panali pa nyengo yosintha imeneyi pamene Bambo Austin Sealy, amene anali mtsogoleri wa bungwe la othamanga ku Barbados, anaitanitsa achinyamata a zilumba zosiyanasiyana kuti adzapikisane mumzinda wa Bridgetown mu April 1972. Tsono taonani, mabwana ndi madona: chitaganya cha andale chinakhala zaka zinayi, bungwe la zamalonda limene linapereka dzina linatha kale, koma maseŵera a ana aja adakalipo, ndipo mu 2023 anachitika kachi-50 mumzinda wa Nassau. Zimene zikalata za mapangano zinavutika kumanga, ana ovala tikabudula anazimanga pabwalo.

KAYENDETSEDWE KAKE

Mpikisanowu umachitika chaka ndi chaka pa nyengo ya Pasaka, kwa masiku atatu, kuyambira Loŵeruka kufikira Lolemba. Opikisana amagaŵidwa m'magulu aŵiri: osafika zaka 17 ndi osafika zaka 20, anyamata paokha, atsikana paokha. Pamakhala liŵiro la mtunda waufupi ndi wautali, liŵiro lolumpha zotchinga, liŵiro lopatsirana kamtengo, kulumpha m'mwamba ndi kulumpha patali, kuponya nthungo, chimbale ndi chitsulo chobulungira. Kuwonjezera pa zilumba zolankhula Chingerezi, amabweranso achinyamata ochokera kumadera olankhula Chifalansa monga Martinique ndi Guadeloupe, ndi olankhula Chidatchi monga Suriname ndi Curaçao.

Pali mfundo zitatu m'kayendetsedwe kameneka zimene ndifuna muzisunge. Yoyamba, nthaŵi yake sisintha. Mphunzitsi wa pa kachilumba kalikonse amadziŵa kuti Pasaka akamayandikira, ana ake ayenera kukhala atakonzeka, ndipo nduna ya zachuma imadziŵa kuti m'mwezi umenewo pafunika ndalama ya ulendo. Yachiŵiri, dziko lililonse limaloledwa kuika opikisana aŵiri okha pa mpikisano uliwonse wa munthu payekha, kotero kuti dziko lalikulu silingadzaze mizere yonse ndi ana ake. Yachitatu, maseŵeraŵa amayendayenda. Anachitikapo ku Bermuda, ku Cayman Islands, ku Saint Lucia, ku Martinique, ngakhale ku Turks and Caicos mu 2007. Chilumba chikalandira alendo chimakonza bwalo lake, chimaphunzitsa oweruza ndi osunga nthaŵi, ndipo alendo akapita zonsezo zimatsalira ana a pomwepo.

Kuyambira 1977 pamaperekedwanso mphoto yapadera yotchedwa Austin Sealy Award kwa mnyamata kapena mtsikana amene wachita bwino koposa onse. Mndandanda wa olandira mphoto imeneyi ukauŵerenga lero, umakhala ngati ukuŵerenga maina a ngwazi za maseŵera a Olympic.

ZIPATSO ZAKE

Tiyambe ndi dzina limene aliyense muno analimvapo. Usain Bolt wa ku Jamaica anafika ku CARIFTA koyamba mu 2001 ku Bridgetown, ali ndi zaka 14, ndipo sanapambane. Anakhala wachiŵiri pa mamita 200 ndi pa mamita 400. Chaka chotsatira ku Nassau anapambana mitunda yonse iŵiri. Mu 2004 ku Bermuda, ali ndi zaka 17, anathamanga mamita 200 m'masekondi 19.93, nakhala mnyamata woyamba wa gulu la osafika zaka 20 kutsiriza mtunda umenewo masekondi 20 asanakwane. Dziko lonse linamudziŵa ku Beijing mu 2008, koma anthu a ku Caribbean anali atamuyesa, kumupima ndi kumulemba m'mabuku awo kwa zaka zisanu ndi ziŵiri.

Wina anganene kuti ameneyo ndi wa ku Jamaica, kumene liŵiro lili m'magazi. Tiyeni tsono tipite ku Grenada. Kirani James anakulira ku Gouyave, tauni ya asodzi a nsomba. Pa CARIFTA ya 2009 ku Vieux Fort, Saint Lucia, anathamanga mamita 400 m'masekondi 45.45, naphwanya rekodi imene anaika Bolt mwiniyo. Mu 2011 anakhala katswiri wa dziko lonse ku Daegu ali ndi zaka 18, ndipo mu 2012 ku London anapatsa dziko lake mendulo yoyamba ya Olympic m'mbiri yake yonse, mendulo ya golide. Anawonjezera ya siliva ku Rio de Janeiro mu 2016 ndi ya buronzi ku Tokyo mu 2021. Bwalo la maseŵera a liŵiro mumzinda wa St George's linapatsidwa dzina lake, ndipo ndi pomwepo pamene CARIFTA ya 2024 inachitikira.

Winanso anganene kuti zonsezi ndi za kuthamanga basi. Keshorn Walcott, wa m'mudzi wa Toco ku Trinidad, anapambana kuponya nthungo pa CARIFTA ku Bermuda mu April 2012. Mu July chaka chomwecho anapambana mpikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Barcelona, ndipo mu August anaponya mamita 84.58 ku London, natenga golide wa Olympic ali ndi zaka 19, pa maseŵera amene kwa zaka zambiri anali m'manja mwa anthu a ku Ulaya. Patapita zaka 13, mu 2025 ku Tokyo, anakhala katswiri wa dziko lonse, ndipo amene anamutsatira pa malo achiŵiri anali Anderson Peters wa ku Grenada, amene analandira mphoto ya Austin Sealy mu 2016, nadzapambana ukatswiri wa dziko lonse mu 2019 ndi mu 2022.

Amayi amene muli muno, nkhaniyi si ya anyamata okha. Pauline Davis ndi Debbie Ferguson a ku Bahamas, amene anali m'gulu la atsikana lopambana golide pa liŵiro lopatsirana kamtengo ku Sydney mu 2000, onse aŵiri anali atalandira mphoto ya Austin Sealy ali ana. Veronica Campbell wa ku Jamaica anailandira mu 2001, nadzatenga golide wa mamita 200 ku Athens mu 2004 ndi ku Beijing mu 2008. Shaunae Miller wa ku Bahamas anailandira mu 2013, nadzatenga golide wa mamita 400 mu 2016 ndi mu 2021. Ndipo mu 2022 ku Kingston, mtsikana wa ku British Virgin Islands, Adaejah Hodge, anapambana mamita 100, mamita 200 ndi kulumpha patali, nanyamula mphotoyo kupita nayo ku zilumba zimene ambiri a ife sitingaziloze pa mapu.

MIZU YAKE ILI M'SUKULU

Tisanyengedwe ndi kuŵala kwa mamendulo, mabwana ndi madona, n'kuganiza kuti masiku atatu a Pasaka ndiwo amapanga katswiri. CARIFTA ndi khwerero limodzi la makwerero aatali. Ku Jamaica kuli mpikisano wa sukulu za sekondale umene anthu amangoutchula kuti Champs. Unayamba mu 1910, ndipo umadzaza bwalo lalikulu la ku Kingston ndi anthu olipira pakhomo kudzaonerera ana a sukulu. Pansi pa Champs pali mipikisano ya sukulu za pulaimale ndi ya m'zigawo. Mwana amayamba kupikisana ndi a m'kalasi mwake, kenaka ndi a sukulu zoyandikana, kenaka ndi a dziko lonse. Akapambana pamenepo amapita ku CARIFTA, ndipo akachoka ku CARIFTA amakakumana ndi achinyamata a dziko lonse lapansi. Palibe khwerero limene amalidumpha. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, koma anadumpha pang'onopang'ono.

Pambuyo pa ana pali aphunzitsi. Mu 1980 ku Jamaica kunatsegulidwa koleji ya G.C. Foster, imene inamangidwa ndi thandizo la boma la Cuba, yophunzitsa aphunzitsi a maseŵera. Otsiriza maphunziro kumeneko anamwazikana m'sukulu za m'matauni ndi za m'midzi momwe. Chotsatira chake n'chakuti mwana wa liŵiro wobadwira kumapiri, kutali ndi Kingston, amapeza pa sukulu yake munthu wodziŵa kumuzindikira ndi kumuwongolera. Mtengo amauwongola ukadali wauŵisi, ndipo wouwongolayo ayenera kukhala pafupi ndi pamene wamera.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Sindingakhale ndikukuuzani zoona ndikanena kuti zonse zayenda mosalala. Kulandira alendo mazanamazana, kuŵagoneka, kuŵadyetsa ndi kukonza bwalo ndi katundu wolemera kwa dziko laling'ono. Mu September 2004 namondwe wotchedwa Ivan anasakaza Grenada pamodzi ndi bwalo lake, kotero kuti maseŵera a 2005 anasamutsidwira ku Tobago. Mu 2011 dziko la Saint Kitts and Nevis linalephera kulandira mpikisanowu chifukwa cha kusoŵa ndalama, ndipo anatsala pang'ono kulephereka. Jamaica ndiye anadzipereka nthaŵi itatha kale, naŵachititsa ku Montego Bay. Zaka zimene mpikisanowu unaimikidwa ndi 2020 ndi 2021, chifukwa cha mliri wa Covid-19. Phunziro lake n'lakuti mnzawo akapunthwa, ena amanyamula mtolowo m'malo moimika chaka. Amadziŵa kuti mwana wa zaka 16 sadzakhalanso wa zaka 16. Chaka chimene mwamulanda simungamubwezere.

Vuto lachiŵiri ndi kusalingana mphamvu. Kuyambira 1985, Jamaica ndiye wakhala akutsogola pa chiŵerengero cha mamendulo. Mu 2022 yekha anatenga mamendulo 92, ndipo 45 mwa iwo anali agolide. Ena akanatha kukhumudwa n'kuleka kubwera. Koma zilumba zazing'ono zinaŵerenga nkhaniyi mwa njira ina. Zinaona kuti mwana amene wazoloŵera kuima pamzere umodzi ndi Ajamaika kuyambira ali ndi zaka 15 sadzanjenjemera akadzaima ndi Aamereka ali ndi zaka 20. Zinaonanso kuti pamene khomo la liŵiro ladzaza, makomo a kuponya ndi kulumpha ali otsegula. Mpeni umanoledwa pa mwala wolimba, osati pa dothi.

Vuto lachitatu ndi limene ndifuna aphunzitsi alimve bwino. Mwana wopambana msanga amaseŵeretsedwa mopyola muyeso: mipikisano itatu kapena inayi pa masiku oŵerengeka, sabata ndi sabata, pofuna kuti sukulu kapena dziko litenge mapointi. Minofu ya mwana ikadali kukula, ndipo ambiri amene anaŵala ali ndi zaka 16 anazimirira asanafike 22 chifukwa cha kuvulala ndi kutopa. Pomwepo palinso ana amene saoneka msanga. Pa CARIFTA ya 2005 ku Tobago, mtsikana wina wamfupi wa ku Kingston anakhala wachitatu pa mamita 100. Dzina lake ndi Shelly-Ann Fraser. Patangopita zaka zitatu anatenga golide wa Olympic ku Beijing, nabwerezanso ku London mu 2012. Akanakhala kuti aphunzitsi amangosamala za wopambana yekha, dziko likanataya mmodzi mwa akazi aliŵiro koposa amene anakhalapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Vuto lachinayi ndi la kuchoka kwa ana. Pa CARIFTA pamabwera nthumwi za mayunivesite a ku America kudzasankha achinyamata oti akaphunzire kwaulere uku akuthamangira sukuluzo. Kwa mabanja osauka umenewu ndi mwaŵi waukulu, ndipo ambiri apeza madigiri mwa njira imeneyi. Kirani James mwiniyo anaphunzira ku University of Alabama. Koma Ajamaika ena anaona kuti si bwino kudalira khomo la eni lokha, ndipo mu 1999 anayambitsa kalabu ya MVP mumzinda wa Kingston, yophunzitsira akatswiri kwawo komweko. Shelly-Ann Fraser anakulira m'kalabu imeneyo, motsogozedwa ndi mphunzitsi Stephen Francis. Njira zonse ziŵiri zabala zipatso. Chofunika n'chakuti mwana akhale ndi posankha.

UDINDO WATHU

Bambo Wapampando, chigawo chathu cha kumwera kwa Afirika nachonso chili ndi mipikisano ya achinyamata. Mu December 2022 mzinda wa Lilongwe unalandira maseŵera a achinyamata a Region 5, ndipo mu 2023 mzinda wa Ndola ku Zambia unalandira mpikisano wa Afirika yense wa osafika zaka 18 ndi osafika zaka 20. Tinaonanso Letsile Tebogo wa ku Botswana, amene anapambana mamita 100 pa mipikisano ya achinyamata a dziko lonse mu 2021 ndi mu 2022, akutenga golide wa mamita 200 ku Paris mu 2024, ndi Muzala Samukonga wa ku Zambia akutenga buronzi wa mamita 400 pa maseŵera omwewo. Choncho palibe anganene kuti mbewu imeneyi simera pa nthaka yathu. Funso n'lakuti alimi ake tikuchita chiyani.

Zambiri zimene zimafunika sizili m'miyendo ya ana, zili pa matebulo athu. Ndinu akuluakulu a maphunziro amene mumalemba ndondomeko ya chaka. Ikanimo tsiku la mpikisano wa sukulu, la zoni ndi la boma, ndipo tsikulo lisasunthidwe chifukwa choti kwabwera mlendo kapena galimoto yapita kwina. Ndinu alembi amene mumasunga kaundula wa kubadwa kwa ana. Mpikisano wa misinkhu umaima pa chilungamo cha zikalata zimenezo. Munthu amene aloŵetsa mnyamata wa zaka 21 m'gulu la ana a zaka 16 wabera ana onse amene anaima naye pamzere, ndipo wanamiza dziko kuti lili ndi katswiri pamene lilibe.

Ndinu amene mungaonetsetse kuti bwalo layezedwa bwino, kuti kuzungulira kamodzi ndi mamita 400 enieni, ndi kuti nthaŵi ya mwana aliyense yalembedwa m'buku losungika. Masekondi 19.93 a Bolt anavomerezedwa ndi dziko lonse chifukwa ku Bermuda kunali makina osunga nthaŵi ndi chipangizo choyezera mphepo, pakuti lamulo limati mphepo yokankha kumbuyo ikapitirira mamita 2 pa sekondi, rekodi siŵerengedwa. Ife tingayambe ndi tepi ndi wotchi ya m'manja, koma tiyambe ndi kulemba. Liŵiro losalembedwa ndi nthano chabe.

Ndinu atsogoleri a m'madera amene makolo amakumverani. Auzeni kuti mtsikana wothamanga sanataye mwambo, ndipo konzani kuti pa ulendo uliwonse wa ana pakhale amayi odalirika oŵayang'anira. Auzeninso ana kuti bwalo sililoŵa m'malo mwa kalasi, pakuti miyendo imatha mphamvu munthu akadali wamng'ono, koma maphunziro amakalamba naye. Ndipo inu osunga chuma, ndalama imene yalembedwa kuti ndi ya chakudya, nsapato ndi ulendo wa ana ifike kwa anawo. N'chamanyazi kuti gulu lipite kunja lili ndi akuluakulu ambiri kuposa opikisana.

Mabwana ndi madona, pamene Bambo Sealy anaitanitsa ana aja mu 1972, Usain Bolt, Kirani James ndi Shelly-Ann Fraser anali asanabadwe. Amene anayeza bwalo, kulemba maina ndi kupempha ndalama za ulendo m'zaka zoyambirirazo sanadziŵe amene ankamukonzera njira. Anangogwira ntchito yawo chaka chimenecho, nabwereza chaka chotsatira. Ntchito imeneyo ndi yofanana ndi imene ili m'manja mwanu. Mukabwerera kumalo anu a ntchito, funsani kuti mpikisano wa sukulu za m'dera lanu uchitika liti, ndani ayeze bwalo, ndani asunge buku la nthaŵi, ndipo ndani aperekeze atsikana. Mafunso anayi ameneŵa akapeza mayankho m'boma lililonse, mamendulo adzabwera pa nyengo yake. M'mera mpoyamba.